Mlongoti ukapendeka, tsigiro limayankha

Boti la thanga likamavuta, woyamba kumva ndi dzanja la woliwongolera. Mwagwira mpini wa tsigiro, mphepo ikuwomba chakutsogolo chapambali, ndipo boti likungofuna kukhotera kumene mphepoyo ikuchokera. Mukukoka mpini, nawo ukukukokani. Pakatha ola limodzi phewa layamba kuwawa, kumbuyo kwa boti madzi akuchita thovu ngati mukukwekwesa chidebe, ndipo anzanu amene munanyamuka nawo limodzi pagombe akuoneka ngati timadontho kutsogolo uko. Ambiri akafika kumtunda amangoti boti ili ndi lamakani, analipanga choncho. Kawirikawiri boti lilibe mlandu. Nkhani imakhala pa mmene mlongoti waimira ndi mmene mawaya ougwira akungidwira.

Pa maboti aang'ono ambiri mlongoti umagwiridwa ndi mawaya atatu. Mmodzi amachoka kumtunda kwa mlongoti n'kutsikira kumphuno kwa boti, ameneyo amalinyero amamutcha forestay. Awiri enawo amatsikira m'mbali, wina kumanja wina kumanzere, ndipo amawatcha shroud. Mukawayang'anitsitsa awiri am'mbaliwa muona kuti sanamangidwe molunjika ndi tsinde la mlongoti, ali chakumbuyo pang'ono. Pachifukwa ichi amauletsa kugwera m'mbali, komanso amaukokera kumbuyo, pamene wakutsogolo uja akuukokera kutsogolo. Mlongoti umaima pamene kukokana kwa atatuwa kwathera. Ukaima utapendekera kumbuyo, kupendeka kumeneko ndiko amati rake.

Kuti timve chifukwa chake kupendeka kwa masentimita ochepa kumasintha khalidwe la boti lonse, tiyambire pa bwato, limene aliyense wa kunyanja amalidziwa. Munthu mmodzi akakhala kumbuyo kwenikweni kwa bwato lopanda katundu, mutu wa bwato umatukuka. Mphepo ikabwera chapambali imaukankha mutuwo, bwato n'kutembenuka kuthawa mphepo, chifukwa mbali imene yamira m'madzi ndi yakumbuyo ndipo bwato limazungulira pamenepo. Munthu yemweyo akasunthira kutsogolo, kumbuyo ndiko kumatengedwa, mutu n'kuloza kumphepo. Pali malo amene mphepo ikukankha, pali malo amene madzi akukana, ndipo bwato limakhota malinga ndi amene ali kutsogolo kwa mnzake.

Pa boti la thanga ndi chimodzimodzi. Mphamvu yonse ya mphepo pa matanga mungaiganize ngati yasonkhana pamalo amodzi, chapakati pa nsalu. Pansi pa madzi, thabwa lija limatsitsidwa pakati pa boti, limene amati centreboard, pamodzi ndi tsigiro ndi mimba ya boti, zimakana kuti boti lisatengedwe chammbali, ndipo kukana kumeneko nako kuli ndi pakati pake. Mukapendeketsa mlongoti kumbuyo, thanga lonse lasunthira kumbuyo, mphepo ikukankha kwambiri kumbuyo kwa boti, mphuno n'kumafuna kukwera kumphepo. Kumeneko ndiko amati weather helm. Mukauimika chilili kapena kuupendeketsa kutsogolo, mphuno ndiyo imakankhidwa, boti n'kumathawa mphepo, ndipo uko amati lee helm.

Pa ziwirizi, ine ndimaopa kuthawa mphepo. Boti lofuna kukwera kumphepo, mukataya mpini mwangozi, limaloza kumphepo, matanga n'kuyamba kukupiza, boti n'kuima. Boti lothawa mphepo, mukataya mpini, limatembenuka n'kuwonjezera liwiro, thanga likhoza kudumphira mbali ina mwadzidzidzi, ndipo ngati mwagwera m'madzi limakusiyani pomwepo. N'chifukwa chake timafuna kuti boti lizikoka pang'ono chakumphepo. Pang'ono pamenepo ndi poti mpini mukuugwira ndi zala ziwiri kapena zitatu, ndipo wachoka pakati ndi madigiri atatu kapena anayi okha. Tsigiro lopendeka motero limathandizanso thabwa lija kukana kutengedwa. Likapitirira pamenepo, kufika madigiri khumi, lasanduka buleki, ndipo thovu lija la kumbuyo ndiwo umboni wake.

Musanakhudze pini iliyonse yomangira mawaya m'munsi, yezani. Kuyeza kwake n'kosavuta. Tengani tepi yaitali yoyezera, ya mamita khumi ndi yokwanira. Mangirirani nsonga yake ku chingwe chokwezera thanga lalikulu, kwezani mpaka pa chizindikiro cha kumtunda kwa mlongoti pamene thanga limathera, ndiye kokerani tepiyo kumbuyo kwenikweni kwa boti, pakati penipeni pa thabwa lomaliza. Werengani nambala. Nambala ikachepa ndiye kuti mlongoti wapendekera kumbuyo kwambiri, ikakula ndiye kuti waimirira. Chofunika n'chakuti tsiku lililonse muzikweza tepi kufika pamalo omwewo ndi kuyezera pamalo omwewo, ndiponso muziyeza mawaya atakungidwa monga mmene amakhalira poyenda. Kuyeza mawaya ali lende n'kutaya nthawi. Ine ndinajambula kamzere ka penti pamalo amene ndimaikapo tepi kuti dzanja lisasokere.

Pali kasamu kamene kamathandiza kuti munthu asapyole muyezo. Pa mlongoti wa mamita 6, digiri imodzi yokha imasuntha nsonga ndi masentimita opitirira pang'ono 10. Pakati pa thanga, pamene pali m'munsi, pamasuntha pafupifupi masentimita 4. Tepi nayo sioneka kusintha kwambiri, chifukwa imatsika chopingasa: nsonga ikapita kumbuyo ndi masentimita 10, tepi ingafupike ndi 4 basi, ngati kumbuyo kwa boti kuli mamita awiri ndi theka kuchokera pa tsinde la mlongoti. Choncho mukaona kuti tepi yasintha ndi zala ziwiri zokha, musaganize kuti palibe chimene mwachita. Kumwamba uko zinthu zasuntha ndithu.

Yezaninso m'mbali. Chingwe chomwecho chokwezera thanga, chikokereni pamene waya wakumanja wamangidwa, gwirani ndi chala pamene chafika, ndiye muwolokere kumanzere osasuntha chalacho. Chikapanda kufika mofanana, mlongoti wapendekera mbali imodzi, ndipo boti lotero limayenda bwino mphepo ikachokera kumanja koma n'kumavuta ikachokera kumanzere. Anthu amatha chaka akudabwa ndi zimenezi, pamene vuto lake ndi pini imodzi yolowa bowo lolakwika.

M'munsi mwa waya aliyense wam'mbali mumakhala kachitsulo ka mabowo ondondozana. Kutsitsa pini bowo limodzi mbali zonse ziwiri kumafupikitsa mawayawo, mlongoti n'kupita kumbuyo, koma pamenepo wakutsogolo ayenera kumasulidwa pang'ono kuti aulole. Kukweza mapini n'kukunga wakutsogolo kumaubweretsa kutsogolo. Pa maboti ambiri okhala ndi kathanga kakutsogolo, kaja amati jib, katundu weniweni sanyamulidwa ndi forestay ayi. Mkati mwa mpendero wa jib mumadutsa waya wakewake, ndipo mukakoka chingwe chokwezera jib, waya ameneyo ndiye amakunga zonse, forestay n'kungotsala ali lende, ntchito yake n'kugwira mlongoti pamene jib yatsitsidwa. Amene sadziwa izi amalimbana ndi forestay tsiku lonse osaona kusintha kulikonse.

Tsopano pali chinthu chimene chimasokoneza aliyense wophunzira, ndipo nanenso chinandizunguza mutu nthawi yaitali. Tanena kuti kupendekera kumbuyo kumawonjezera kukoka kwa mpini. Mphepo ikakula, mpini umakoka kale kwambiri. Nzeru ya msanga ingati imikani mlongoti. Komatu akatswiri a maboti monga 420, 470 ndi Fireball amachita zosiyana: mphepo ikakula amaupendeketsa kumbuyo. Chifukwa chake chili pa jib. Mlongoti ukapita kumbuyo, ngodya ya jib imene pamamangidwa chingwe imatsika, ndipo chingwecho chimayamba kukoka chogona m'malo mokokera pansi. M'munsi mwa jib mumaphwatalala, kumtunda kwake n'kutseguka, mphepo yochuluka n'kumapulumukira pamenepo. Mpata wa pakati pa jib ndi thanga lalikulu umakula, mpweya n'kumadutsa osatsamwa. Mphamvu ikachepa kumtunda, boti silipendama kwambiri. Kenaka amakweza centreboard pang'ono, ndipo popeza thabwalo limazungulira pa bawuti, likamakwera limapita kumbuyo, kutsatira thanga kumene lapita. Zinthu ziwiri zija, pokankha mphepo ndi pokana madzi, zasunthira limodzi, ndipo mpini wapepuka.

Apa ndi pamene pagona nkhani imene ndimafuna aliyense aimve: kupendama kwa boti kumakoketsa mpini kuposa kupendeka kwa mlongoti. Boti likagonera mbali, thanga limakhala kunja, pamwamba pa madzi, likukankhira kutsogolo kuchokera pambali, pamene mimba ya boti ikukanira pakati. Zili ngati kukankha wilibala ndi mpini umodzi, imakhota basi. Choncho munthu amene akuyenda boti litagona, madzi akunyambita m'mphepete, sangadziwe chilichonse za mlongoti wake. Ayambe waliwongola, atulutse thupi kunja, amasule thanga pang'ono, boti likhale tayale. Likakhala tayale mpini n'kumakokabe, pamenepo ndiye tikambe za mapini.

Tsigiro lenilenilo nalo limanamiza. Tsiku lina ndinasuntha mapini katatu konse, kuimika mlongoti mpaka boom, mtengo wogona wogwira m'munsi mwa thanga lalikulu, inakwera pamwamba, koma mpini unali wolemerabe ngati muli mwala. Nditatsikira m'madzi kuti ndikankhe boti ndinapeza kuti kachingwe kotsitsira tsigiro kanali katatha, ndipo tsamba la tsigiro silinkafika pansi, linkatsalira kumbuyo ngati mchira. Tsigiro lotsalira kumbuyo limalemera m'dzanja ngakhale boti lili bwinobwino. Kusiyanitsa kwake ndi uku: yang'anani pamene mpini waloza. Ngati uli pakati koma ukulemera, vuto ndi tsigiro. Ngati mukuchita kuukokera pachifuwa kuti boti liyende molunjika, vuto lili kumatanga, kumlongoti kapena pa kupendama.

Kukunga kwa mawaya ndi nkhani ina, ngakhale imayendera limodzi ndi kupendeka. Waya wa jib akakhala wolobodoka, mphepo imamukhotetsa ngati chingwe choyanikapo zovala zonyowa. Jib imachita mimba yaikulu, ndipo boti limalephera kulunjika pafupi ndi kumene mphepo ikuchokera. Kamphepo kakakhala kochepa ndipo pali timafunde tosokoneza, kulobodoka pang'ono kumathandiza, chifukwa mimbayo imapatsa boti mphamvu yodutsira timafundeto. Mphepo ikalimba mumafuna waya wowongoka. Ochita mipikisano amayeza kukunga ndi kachipangizo kotchedwa Loos gauge, kamene amakakoleka pa waya n'kuwerenga nambala. Ngati mulibe, nyanja ikuuzani: yendani chokwera mphepo yapakatikati, mnzanu atatulutsa thupi kunja, ndipo yang'anani waya wa mbali imene mphepo ikupita. Azingoyamba kupepuka, osati kumavina. Akamavina kungani, akakhala gwa ngati nsambo ya gitala ngakhale mphepo ikuwomba, mwina mwapyola. Pagombe, kumumenya ndi chala n'kumvera kulira kwake kumathandiza kukumbukira kukunga kwa dzulo.

Pa boti lakale chenjerani ndi kukunga kwambiri. Mphamvu yonse imene mwaika m'mawaya imatsikira pa tsinde la mlongoti ngati munthu wopondereza, ndipo m'mbali imakokera zomangira kumwamba. Boti lamatabwa kapena lafaiba lotopa limayamba kupindika, timing'alu n'kuoneka pozungulira mabawuti. Mukaona kuti mukukunga koma waya sakulimba, lekani, chimene chikugonja ndi boti. Ndipo mukafika kumtunda masulani, musalisiye usiku wonse litakungidwa.

Chapakati pa mlongoti pamakhala timikono tiwiri totuluka m'mbali, tokankha mawaya kunja, timene amati spreader. Timikonoti tikaloza chakumbuyo, mawaya akakungidwa amatikankhira kutsogolo, ndipo pakati pa mlongoti pamapindikira kutsogolo ngati uta. Kupindika kumeneku kumakoka nsalu ya pakati pa thanga lalikulu, mimba yake n'kuphwa, ndipo thanga lophwa mimba ndilo lofunika pa mphepo yamphamvu. Kuti muone kukula kwa utawo, kokani chingwe chokwezera thanga chitsike molunjika mpaka polumikizira boom, ndiye yang'anani mpata wa pakati pa chingwe ndi mlongoti pamene pali timikono. Mlongoti ukapindika kuposa mmene thanga linasokedwera, pamatuluka makwinya aatali ochoka kunsonga ya boom kulowera pakati pa mlongoti. Timikono titalitali timaumitsa mlongoti kuti usagonjere m'mbali, ndipo izi zimakomera anthu olemera thupi. Opepuka amapindula ndi tifupitifupi, chifukwa nsonga ya mlongoti imagonja mphepo ikagunda, n'kutaya mphamvu yowonjezera.

Si maboti onse amene ali ndi zonsezi. Optimist, kaboti ka ana kamene Clark Mills anakonza ku Clearwater, ku Florida, mu 1947, kalibe waya ndi mmodzi yemwe. Mlongoti umadutsa pa bowo la thabwa lopingasa, tsinde lake n'kukhala m'kachikho kosunthika. Kachikhoko kakapita kutsogolo, nsonga imapita kumbuyo. Ophunzitsa ana amayeza kuchokera kunsonga kufika kumbuyo kwa boti, ndipo nambala yake imazungulira pa mamita 2.8, n'kumasintha ndi masentimita ochepa malinga ndi kulemera kwa mwana ndi mphepo ya tsikulo. Laser, imene masiku ano imatchedwa ILCA, ndiye ilibe n'kachikho kosuntha komwe. Mlongoti umangolowa m'dzenje lake, ndipo woyendetsa amaupinda ndi zingwe za thanga basi.

Kwathu kuno nkhaniyi imamveka bwino pa maboti a mimba ziwiri, makamaka Hobie 16, amene amaoneka m'magombe a alendo pa nyanja ya Malawi ndiponso pa mpikisano wautali uja wa matanga, umene umachoka kummwera cha ku Mangochi kulowera kumpoto m'nyengo ya mwera. Boti limeneli, limene Hobie Alter anakonza ku California, lilibe thabwa lotsitsa m'madzi. Chimene chimakana kutengedwa ndi kaumbidwe ka mimba zake ziwiri pamodzi ndi matsigiro ake. Choncho oliyendetsa amapendeketsa mlongoti kumbuyo kwambiri, kotero kuti munthu wozolowera maboti ena akauona amayesa ukugwa. Akutero kuti katundu apite pa matsigiro, ndiponso kuti mphuno zipepuke. Mphuno za Hobie 16 ndi zowonda, ndipo mwera ukamakankha kumbuyo pa mafunde aafupi otsetsereka, mphuno ya mbali yothawira mphepo imakonda kubira m'madzi, boti n'kugubuduka chamutu. Malire a kupendekako amaoneka pa zingwe za thanga lalikulu: mlongoti ukapita kumbuyo boom imatsika, ndipo mapule a pamwamba ndi a pansi amafika pogundana. Akagundana thanga lisanakungike mokwanira, mwapyola, bwezani bowo limodzi. Komanso mlongoti wa boti ili umazungulira pa tsinde lake potembenuka, ndiye mawaya mukawakunga mopitirira umakanika kuzungulira.

Mwera umawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala, kuchokera kummwera chakummawa, ndipo umatsata utali wa nyanja yopitirira makilomita 500, n'chifukwa chake mafunde ake amakula chomwecho. Tsiku limene a zanyengo achenjeza pa wailesi kuti asodzi asalowe m'madzi si tsiku loyesera mapini. Koma masiku ena a nyengo yomweyo, mphepo ikakhala yolimba mosaopsa, ndi pamene muyenera kukhala ndi nambala yachiwiri m'buku mwanu. Ine ndimasunga zitatu: ya kamphepo kam'mawa mlongoti utaimirira, ya mphepo yapakati, ndi ya mphepo yolimba utapendekera kumbuyo bowo limodzi kapena awiri. Pa nambala iliyonse ndimalembanso bowo la pini, ndi chizindikiro cha pa chingwe cha jib.

Poyesa pamadzi, sinthani chinthu chimodzi chokha. Mukasuntha mapini, n'kusinthanso timikono, n'kukunganso jib, boti likayenda bwino simudziwa chimene chathandiza, likaipa simudziwa chobwezera. Sankhani malo amene mphepo ikuwomba mosadukiza, kokani matanga monga mwa nthawi zonse, boti likhale tayale, ndiye tsegulani dzanja pa mpini. Boti labwino limakwera kumphepo pang'onopang'ono, mukhoza kuwerenga mpaka zitatu kapena zinayi lisanayambe kukupiza. Likatembenuka msangamsanga ngati laitanidwa, imikani mlongoti bowo limodzi. Likangopitirira osakhota, kapena likayamba kuthawa, upendeketseni kumbuyo. Yesani mbali zonse ziwiri. Ngati pali mnzanu wa boti lofanana ndi lanu, yendani moyandikana mphindi zisanu, iye asasinthe kanthu, inu nokha musinthe, chifukwa diso lokha silitha kuona kusiyana kwa liwiro laling'ono popanda poyerekeza.

Kusintha mapini kuchitikire pamtunda kapena pamadzi osaya, matanga atamasulidwa. Mukachotsa pini ya waya wam'mbali, palibe china chogwira mlongoti mbali imeneyo, ndiye wina augwire kapena mumangirire chingwe chogwirizira kaye. Pini ikalowa, kamphete kake kotsekera kalowenso konse, ndipo mukakulunge ndi tepi ya magetsi, chifukwa chingwe cha jib chimakakola potembenuka n'kukatsegula mosadziwika. Milongoti yambiri imene imagwa pamadzi imagwa chifukwa cha kamphete kotere, waya ali bwinobwino. Waya yemweyo mumupititse m'kansalu kuchokera kumtunda mpaka pansi. Kansaluko kakakodwa penapake, ulusi umodzi wa chitsulo waduka, ndipo ena ali m'njira. Nthawi zambiri umadukira pakamwa pa chitsulo chimene anafinyira kumapeto kwa waya, ndiye pindani pang'ono pamenepo muone. Waya wotero achotsedwe, ndipo musinthe onse awiri am'mbali nthawi imodzi kuti akhale ofanana utali. Atsopanowo amatamuka pang'ono maulendo oyamba, choncho tepi ija muitulutsenso pakatha masiku awiri kapena atatu.

Pomaimika mlongoti kapena pokoka boti pa ngolo yake mlongoti uli chilili, kwezani maso kaye. Mlongoti wa aluminiyamu ndi mawaya ake achitsulo zikakhudza nthambo ya magetsi, amene wagwira boti ndiye amalandira moto wonsewo, ndipo m'magombe ambiri a nyumba zogona alendo nthambo zimadutsa m'munsi pakati pa mitengo, pamene sizioneka msanga. Yendani kaye wapansi njira yonse kuchokera pamene boti lili mpaka kumadzi, ndipo ngati pali nthambo, mlongoti muukaimikire kutsidya kwake.